Chikuku chabweranso m'komboni: mawu a amake Dalitso ku Chawama

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi azibambo, mwaswera bwanji? Agogo kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nonse mwamva za ana awiri a kuseri kwa msika amene anathamangira nawo kuchipatala sabata yatha. Ena mukuti malungo, ena mukunong'onezana kuti alipo wawalodza. Ndi chikuku. Ndiye mawu anga lero ndi awa: mwana wa chikuku musamubise m'nyumba, ndipo katemera wake ndi kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Kawiri.

Ine sindinaziwerenge m'buku izi. Mu 2010, chikuku chitavuta mu Lusaka muno, Dalitso wanga anali ndi zaka 2 koma wosabayitsa. Mlandu ndi wanga. Mkulu wake atalandira katemera anatentha thupi masiku awiri, ine mtima m'mwamba, ndiye kwa Dalitso ndinati iyayi, ameneyu asazunzike. Komanso m'mawa uliwonse ndinali ku Soweto Market kukaoda tomato, nthawi yokakhala pa mzere wa kusikelo ndiipeze kuti? Kadi inakhala m'sutikesi pansi pa zitenje.

Zinayamba ngati chimfine. Kutentha thupi, chifuwa, mamina, maso kufiira. Patapita masiku angapo zidzolo zinatuluka kumaso ndi kuseri kwa makutu, n'kutsikira thupi lonse. Apongozi anga anati mwana wa chikuku satuluka panja, sasamba, ndipo akabayidwa jakisoni chikuku chimalowa m'kati. Inu mukuseka, koma ambiri pano munauzidwa zomwezo. Tinatseka mawindo, tinamufunda bulangeti. Usiku wachitatu ndinamuvula malaya, ndinaona nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Chibayo. Tinagonekedwa m'chipatala pafupifupi milungu iwiri. Anachira, lero ndi mnyamata wandevu, koma khutu lake lakumanzere linatuluka mafinya nthawi imeneyo ndipo mpaka pano silimva bwino. Ndikamuitana osatembenuka, ndimakumbukira kadi ija m'sutikesi.

Chikuku chimayenda mumpweya. Wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kachilomboko kamatha kutsalamo mpaka maola 2. Mwa anthu 10 osabayitsa amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga. Ndipo mwana amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanaoneke. Tsono taganizani mmene timakhalira ife: mabanja asanu pa pulote imodzi, ana onse pa TV ya neba, m'basi yopita ku town tikukhala anayi pa mpando. Makapisozi a pa kantemba aja sapha kachilombo kameneka, mukungotaya makwacha. Musamubise m'nyumba.

(Mayi wina: Koma amake Dalitso, wanga atabayidwa anatentha thupi mpaka kugwedezeka ngati wa khunyu. Ndiye tizipitabe?)

Zikomo amayi, khalani pansi, funso limenelo ndi lalikulu. Sindikutsutsani, ndipo pepani, kuona mwana akugwedezeka m'manja mwako n'koopsa. Aliyense wokuuzani kuti katemera alibe vuto lililonse akukunamizani. Mwa ana 10, mwina mmodzi amatentha thupi patapita sabata kapena kupitirirako pang'ono, ena amatuluka tizidzolo tochepa, ndipo zimatha zokha. Kugwedezeka kobwera ndi kutentha thupiko kumachitika kwa mwana mmodzi mwa pafupifupi 3,000, ndipo kawirikawiri sikusiya chilema. Kutupa ndi kubanika nthawi yomweyo atangobayidwa kumagwera mmodzi mwa pafupifupi 1,000,000, n'chifukwa chake anesi amati mudikire pang'ono musanachoke, inu mumvekere ndasiya nyemba pamoto.

Tsopano ikani chikuku mbali ina ya sikelo. Mwa ana 20 odwala, mmodzi amagwidwa chibayo. Mmodzi mwa 1,000 ubongo umatupa. Ena amatsegula m'mimba mpaka kufooka, ena maso amawonongeka, makamaka mwana amene sakudya mokwanira. Ndipo akachira, thupi limakhala ngati laiwala kulimbana ndi matenda ena, mwana n'kumangodwaladwala. Ine ndinaziona zonse ziwiri m'nyumba imodzi: wamkulu masiku awiri otentha thupi, wamng'ono milungu iwiri m'chipatala ndi khutu limodzi. Inu amayi, mukamapita ndi mwanayo kukalandira wachiwiri, uzani anesi zimene zinachitika ulendo woyamba, akuuzeni mmene mungamuyang'anire. Musangokhala chete kunyumba. Alipo ena amene sayenera kulandira katemerayu, monga mayi wapakati ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, koma wogamula ndi anesi kapena adokotala, osati gulu la WhatsApp.

Chifukwa chiyani kawiri? Woyamba uja wa miyezi 9 sagwira kwa mwana aliyense, ena amatsala opanda chitetezo, wachiwiri ndiye amatseka mpatawo. Koma ife mwana akangoyamba kuyenda timati wakula, kusikelo basi tasiya. Ndipo azibambo musayang'ane pansi. Mpira wa Chipolopolo tsiku lake simuiwala, koma ndikafunsa kuti mwana wanu anabayidwa liti, mumati funsani amake. Miyezi 9 ndi miyezi 18.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kudzuwa, ndifulumire. Mukafika kunyumba tulutsani makadi a ana onse, muone ngati pali posalembedwa. Ngati kadi inatayika kapena mwana wapitirira msinkhu, pitanibe kukiliniki, katemera ndi waulere. Mwana akatentha thupi ndi maso ofiira ndi zidzolo, asapite kusukulu, kutchalitchi kapena kwa neba, koma kukiliniki tsiku lomwelo, ndipo muuze anesi pakhomo pomwe kuti mukuganiza chikuku, asakukhazikeni pakati pa makanda. Kumeneko amupatsa vitamini A yoteteza maso. Muyamwitseni, mum'patse madzi ndi phala, musambitseni, m'maso musathiremo mankhwala azitsamba. Akamapuma mothamanga, akakana kumwa kapena akagwedezeka, ngakhale usiku, nyamukani. Musamubise m'nyumba.

Amene makadi mwabwera nawo, nditsatireni pa tebulo apa tiwaone pamodzi. Agogo, inu muyambe, ndaona mwanyamula atatu.