Essbesteck: chimake cha mpeni chinapereka bwanji dzina kwa supuni?

[Pa sikirini: ESSBESTECK]

Moni nonse. Mukakhala patebulo mu lesitilanti ku Berlin kapena ku Hamburg, mpeni, foloko ndi supuni zimene akuikiranizo zili ndi dzina limodzi: Besteck, kapena Essbesteck mukafuna kutchula lonse. Ajeremani amakonda kumata mawu awiri kukhala amodzi, ndiye tiyeni tiwamatule.

Mbali yoyamba njosavuta. Ess- ikuchokera ku essen, kudya. Basi.

Nkhani yagona pa Besteck. Tsinde lake ndi mneni stecken, kusomeka kapena kulowetsa chinthu penapake. Cha m'ma 1500, Besteck sichinali chodyera ayi. Chinali chimake, nthawi zambiri chachikopa, cholendewera pa lamba m'chiuno.

[Chithunzi: chimake chakale, zigwiriro zikusuzumira kunja]

Taonani apa. Bowo lalikuluro ndi la mpeni, ndipo pambali pali timabowo tosomekamo tizipangizo tina. Masiku amenewo mwini nyumba sankakuikirani chodyera. Mukaitanidwa kuphwando, mumasolola mpeni wanuwanu, kudya, kupukuta, n'kubwezera m'chimake. Foloko inachedwa kwambiri: mawu akuti Gabel, dzina la foloko m'Chijeremani, poyamba ankatanthauza chifoloko cha kumunda chonyamulira udzu, ndipo anthu wamba ambiri anazolowera kudyera foloko m'zaka za m'ma 1800.

Pang'ono ndi pang'ono dzina linachoka pa chikopa chija n'kupita pa zam'katimo, monga timanenera kuti "wamaliza mbale yonse" pomwe munthu wadya nsima, osati mbale.

Nanga Ess- wabweranji? Chifukwa Besteck si wa kukhitchini kokha. Zipangizo za dokotala wochita opaleshoni nazonso ndi Besteck. Patebulo palibe angasokonezeke, n'chifukwa chake ambiri amangodula n'kunena kuti Besteck. Anansi a Ajeremani ali ndi mawu omwewa: bestek ku Netherlands, bestik ku Denmark, bestick ku Sweden.

Koma chimene chimandikomera ine chabisala mu mpeni weniweniwo.

[Pa sikirini: MESSER ← mezzisahs]

Messer, kutanthauza mpeni, amaoneka ngati mawu amodzi, pomwe nawonso ndi awiri amene anaperepeseka pakamwa. M'Chijeremani chakale ankati mezzisahs: maz, chakudya, ndi sahs, mpeni waukulu kapena lupanga lalifupi. Lupanga la chakudya! Ndipo akatswiri ambiri a zinenero amati sahs yemweyu ndiye anapatsa dzina mtundu wa Asaxon, omwe dzina lawo likadalipo pa mapu a Germany m'zigawo za Sachsen, Niedersachsen ndi Sachsen-Anhalt.