Voisi ya ku gulu la akabaza pa Chitakale: dzanzi kumaliseche

Eya, achimwene anga, mwaswera bwanji. Ndati ndiyankhire pagulu pano chifukwa angapo mwandifunsa kumbali nkhani imodzimodzi. Sinditchula munthu ayi. Nkhani yake ya dzanzi kumaliseche, ndi ija ya chida kukana kudzuka.

Ndiyambe ndi mankhwala... ayi, kaye. Muyambe mwamva mmene zimayendera. Chida chilibe fupa. Chimadzuka chifukwa magazi adzazamo, ndipo magaziwo amatumidwa ndi uthenga wodutsa m'mitsempha kuchokera kuubongo, kutsika ndi msana. Ndiye pali njira ziwiri, ya magazi ndi ya uthenga. Imodzi ikavuta, basi. Mwamva? Njira zonsezi zimadutsa pakati pa mapwala ndi kotulukira chimbudzi, penipeni pomwe mumakhazika pachishalo. Inu mwapalasa tsiku lonse, mwanyamula munthu ndi thumba la chimanga kupita ku boma, kubwerera, kupitanso. Mitsempha ija yafinyika. Mukatsika mukumva ngati si panu. Dzanzi limenelo nthawi zambiri limatha mukapuma. Mphuno ya chishalo isaloze m'mwamba, itsitseni pang'ono, ndipo muziimirira pamapedulo kawirikawiri. A njinga zamoto nanunso muzitsika podikira makasitomala.

Koma likapanda kutha, sabata zikupita, kapena simukweranso njinga koma dzanzi lilipo, mapazi nawo akuyaka usiku, pitani mukayezetse shuga ndi BP. Shuga amawononga mitsempha mwakachetechete, ndipo kwa abambo ambiri chimayamba kudandaula ndi kuchipinda. Fodya, kachasu, zomwezo. Mankhwala ena a BP nawo amafooketsa, koma musasiye nokha, mukanene akusinthireni.

Tsopano apa, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mukalowa kwa dokotala, nenani chomwe mwabwerera. Chomwe mwabwereracho. Panali bambo wina wa ku esiteti, amabwera kwa ine kuchipatala n'kumati msana, mwezi wina msana, n'kumatenga panado. Tsiku lina ndi akazi awo amene anatsalira pakhomo n'kundinong'oneza kuti kunyumba kulibe kanthu, anthu ayamba kunena kuti anagwa m'papaya. Titayeza, shuga anali pamwamba zedi, mapazi atayamba kale kufa dzanzi. Nthawi yonse ija inapita ndi mawu akuti msana. Ndiye ndibwereze: ngati pakamwa pakulemera, lembani pakapepala, muike m'buku lanu la kuchipatala, mum'patse awerenge. Kapena nenani kuti ndikufuna kuonana ndi wamwamuna. Nenani linayamba liti, ngati m'mawa chikudzukabe. Funso la m'mawali ndi lofunika, chifukwa ngati m'mawa chili bwinobwino koma kuchipinda ayi, kawirikawiri ndi maganizo, ngongole, mantha, kusamvana ndi amayi.

Wina anafunsa za urologist. Ameneyo ndi dokotala wa njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo. Simungodzuka n'kukwera minibasi ya ku Limbe ayi. Yambani kuchipatala chaching'ono kapena cha boma kuno ku Mulanje, kapena ku Mission, iwo akaona kuti n'kofunika akulemberani kalata ya ku Queens ku Blantyre. Zokafika nazo kumeneko ndi monga magazi mumkodzo. Inde, kuno ambiri ndi likodzo, mankhwala ake alipo, koma mwamwa ndipo magazi akubwerabe, makamaka achikulire, chikhodzodzo chionedwe. Madala opitirira zaka 50, mkodzo ukutuluka modontha, usiku kudzuka kangapo, imeneyo ikhoza kukhala prostate, kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo. Chotupa cholimba papwala ngakhale chisakupweteka. Chida kupindika ndi ululu chikadzuka.

Eee, ndipo izi, izi si zodikira kalata. Chida chikadzuka osagwa mpaka maola 4, thamangani, ngakhale pakati pa usiku. Mnyamata wina anagula timapiritsi tabuluu todzutsa chida pamsika, n'kuphatikiza ndi zina za m'botolo zosalembedwa, ine ndinali nditamuletsa. Anakhala m'nyumba akuthira madzi ozizira, manyazi, kufika kuchipatala mawa lake madzulo. Magazi akakhalitsa mmenemo mnofu umaonongeka, ndipo iye mphamvu sizinabwererenso. A matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell izi zimawachitikira ngakhale osamwa kanthu. Timapiritsi timenetinso, munthu womwa mankhwala ena a mtima BP ikhoza kutsikiratu n'kugwa.

Pwala likapweteka mwadzidzidzi, kutupa, mpaka kusanza, makamaka anyamata, likhoza kukhala lapotokola. Pamenepo muli ndi maola pafupifupi 6 okha. Uzaninso ana anu. Komanso dzanzi pakati ponsepa limodzi ndi msana wopweteka, miyendo kufooka, mkodzo kapena chimbudzi kutuluka osadziwa, tsiku lomwelo kuchipatala.

Za gondolosi ndi za amayi, zouma ndi ululu zija, ndijambula ina, foni yatsala pang'ono kuzima.