Lachitatu lopanda sukulu ku France: mkangano wa boma ndi Mpingo wa Katolika

Ku France, sukulu zambiri za pulaimale sizitsegula Lachitatu, ndipo kwina ana amaweruka dzuwa lili paliwombo. Tsikuli ndi chipsera cha mkangano wakale pakati pa boma ndi Mpingo wa Katolika: kodi mwana aleredwe m'manja mwa yani?

Lamulo la Falloux la 1850 lidapatsa mpingo gawo lalikulu. Bambo mfumu ankayendera sukulu ya m'mudzi n'kumaona kaphunzitsidwe ka mphunzitsi. Asisiteri ankaloledwa kuphunzitsa ndi kalata chabe ya mkulu wa chipani chawo, popanda setifiketi ya boma. Andale ofuna ulamuliro wa anthu ankati mpingo ukulera ana kuti adzakhale otsatira ulamuliro wa mafumu.

Jules Ferry, nduna ya maphunziro, ndiye adatembenuza zinthu. Mu 1881 fizi idathetsedwa m'sukulu za boma za pulaimale. Lamulo la pa 28 Malichi 1882 lidati mwana aliyense wa zaka 6 mpaka 13 aphunzire, katekisimu achoke m'kalasi, m'malo mwake mulowe phunziro la makhalidwe ndi unzika. Makolo adawasiyira tsiku limodzi pa sabata, kupatula Lamulungu, loti ana akaphunzire za chipembedzo kunja kwa sukulu. Lidali Lachinayi; mu 1972 adalisunthira Lachitatu.

Koma tamvani apa. Lamulolo lidakakamiza kuphunzira, silidanene kuti kusukulu ya boma basi. Akatolika adangotsegula sukulu zawo. Boma lidawonjezera moto: mu 1886 lidalamula kuti abulazala ndi asisiteri achoke m'sukulu zake, ndipo mu 1904 nduna yaikulu Émile Combes adaletseratu zipani zawo kuphunzitsa. Ambiri adasamukira kunja, ena adavula mikanjo n'kupitiriza ntchito ngati anthu wamba.

Chidaziziritsa mitima ndi ndalama. Lamulo la Debré la 1959 lidati boma lizilipira aphunzitsi a sukulu ya mpingo ngati yasaina pangano lotsata silabasi ya boma ndi kulandira mwana wa chipembedzo chilichonse. Mu 1984 nduna ya maphunziro Alain Savary atabweretsa bilu yofuna kukokera sukuluzi pansi pa boma, chinamtindi cha anthu chidadzaza misewu ya Paris pa 24 Juni. Pulezidenti Mitterrand adabweza biluyo, Savary n'kutula pansi udindo.

Ku Alsace ndi Moselle, madera a kum'mawa kwa France, phunziro la chipembedzo likadali m'sukulu za boma, chifukwa pamene Ferry ankakhazikitsa malamulo ake, maderawa adali m'manja mwa Germany.