Makalata a omvera: Apolisi apamsewu aziima pomwe anthu akuvulalira

Moni nonse omvera, kuyambira ku Senga Bay, Kamuzu Road, Khombedza, Benga mpaka ku Dwangwa uko. Makalata a sabata ino ambiri akudandaula za msewu wa M5. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba alemba ndi mayi ena a kufupi ndi Benga. Akuti:

"Achimwene, ine ndimagulitsa tomato ndi usipa m'mphepete mwa msewu. Mwezi wathawu mwana wa mng'ono wanga, wa Sitandade 3, anagundidwa ndi galimoto akuweruka kusukulu. Ndinaona ndi maso angawa. Silipasi imodzi inatsala pa tala, makope ake anamwazikira m'ngalande. Mulungu ndi wamkulu, ali moyo, koma mwendo uli mu pulasitala. Chondiwawa n'chakuti m'mawa womwewo, pokapikula katundu, ndinadutsa pa rodibuloko ina pomwe apolisi anayi ankaona mapepala a magalimoto. Pamsika pathu, pomwe magalimoto amadutsa ngati mphepo, wapolisi sitimuona. Kodi mabwana awo amatengera chiyani potumiza anthu?"

Pepani kwambiri mayi, ndipo mumuuze mwanayo kuti amalume a pawailesi akumufunira kuchira msanga. Funso lanulo nanenso limandisowetsa tulo.

Kuona mapepala si kulakwa ayi. Laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi n'zofunika, ndipo pangozi ngati iyi inshuwalansi ya galimotoyo ndi imene imayenera kupereka chipukuta misozi, choncho musasiye kutsatira lipoti la apolisi. Koma pepala siliponda buleki. Chimene chikutitha m'misika yathuyi ndi liwiro. Taganizani: galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akaona mwana, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, wadutsa kale mabenchi a tomato angapo. Pa 50 imayenda mamita 14. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Msewu wathuwu ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, milatho ina njodutsa galimoto imodzi, ndipo mmenemo muli akabaza, ngolo, mbuzi, ana asukulu ndi malole akuluakulu.

Ndiye kwa inu mabwana oyang'anira apolisi apamsewu, ndikulankhula mwaulemu koma mosapsatira. Ngozi iliyonse ikafika kwa inu imalembedwa: malo, tsiku, nthawi. Tsegulani mabukuwo. Akuuzani okha kuti anyamata anu aziima pati, tsiku la msika liti, nthawi yoweruka ana kapena chisisira pomwe maso amanama. Wapolisi muzimuyamika chifukwa dera lake ngozi zachepa, osati chifukwa walemba malisiti ambiri a chindapusa. Mayiko a mu United Nations, ife tili momwemo, anagwirizana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa za pamsewu zitsike ndi theka. Thekalo lidzachokera pa misika ngati ya mayiwa.

Inunso mayi musangokhala. Mahampu ndi zikwangwani pa msewu waukulu ndi udindo wa bungwe loona za misewu la Roads Authority. Gwiranani manja ndi amfumu, komiti ya sukulu ndi akhansala, mulembe kalata kudzera ku khonsolo. Anawo muziwauza kuyenda kudzanja lamanja la msewu, moyang'anizana ndi magalimoto.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo oyendetsa minibasi pakati pa Salima ndi Nkhotakota:

"Mumatinena kuti timathamanga. N'zoona. Koma madzulo abwana amafuna ndalama yawo yokwana, mafuta akwera, ndipo panjira ndimaimitsidwa kangapo, pena n'kusiya ya fanta kuti ndisachedwe. Okwera nawonso ndikayenda pang'onopang'ono amakuwa kuti adalaivala tafulumirani. Nditani ine? Ndili ndi ana anayi."

Bambo, zikomo polankhula zoona. Sindikuderera mavuto anu. Koma ya fantayo ikukupwetekani nokha: mwalipira, tayala likadali losalala, ndipo mawa mulipiranso. Ngati mwalakwa, pemphani lisiti ya boma. Ngati wina akukukakamizani kupereka chiphuphu, bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lilipo chifukwa cha zimenezo. Apanso mabwana a polisi ndi amene angathetse mchitidwewu, pomayendera anthu awo mwadzidzidzi ndi kulanga wogwidwa anthu akuona. Eni minibasi nawo asabisale kumbuyo kwa dalaivala. Ana anu anayiwo, bambo, akudikira kuti mufike, ngakhale ndalama itaperewera.

Za okwerazo mwandigwira pakamwa. Inenso ndinakhalapo chete m'minibasi yodzaza mpaka kondakitala theka la thupi lili panja, tikupitirira lole pamalo okhota. Aliyense anangogwira mpando, palibe anatsegula pakamwa. Tinafika, koma miyendo ikunjenjemera, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Omvera, moyo uli m'galimotomo ndi wanu. Lankhulani.

Yomaliza njaifupi. Alemba ndi agogo ena a ku Nkhotakota amene anapuma ntchito ya upolisi:

"Mwana wanga, musamangonyoza apolisi. Ine ndatolapo mitembo pamsewu usiku ndi tochi, popanda magolovesi. Nthawi zambiri galimoto imakhala imodzi, mafuta mulibe. Wapolisi woyenda pansi angathamangitse bwanji woledzera?"

Agogo, ndakumvani, ndipo tikuthokoza chifukwa cha ntchito imene munagwirira dziko lino. Palibe akunyoza wapolisi woima padzuwa la ku nyanja kuno tsiku lonse. Zida zikufunikadi: galimoto, mafuta, makina oyezera liwiro ndi oyezera mowa. Aphungu athu azikumbukira zimenezi pokambirana bajeti. Komabe zida zikachepa m'pamene kusankha bwino kumafunika kwambiri. Apolisi awiri ovala zonyezimira, ataima pamsika kuyambira 3 koloko mpaka mdima, safuna mafuta ambiri. Dalaivala akangowaona patali phazi limachoka lokha pa moto. Wakabaza wonyamula anthu atatu opanda helemeti nayenso amaganiza kawiri.

Agogo, muli ndi luso lomwe achinyamata alibe. Pamsonkhano wa chitetezo cha m'mudzi kwanuko mukakhale kutsogolo, mukawaonetse malo omwe munkatola anthu aja.

Kalata ya mayi a ku Benga ndaisunga padera. Tilembera akuluakulu a polisi yapamsewu m'boma lino kuwapempha kuti abwere mu situdiyo muno, ndipo akabwera ndidzawawerengera momwe ilili, osachotsapo liwu. Inu a ku Thavite, Chia ndi Dwangwa, tilembereni malo enieni ndi nthawi yomwe ngozi zimachitika kwanuko, kuti tidzawapatse m'manja tsiku limenelo.