Kutsegula m'mimba kukasiya sikuti matenda atha

Zikomo nonse pobwera, tiyeni tiyambe nkhani yathu ya matenda otupa matumbo okhalitsa. Mwamva kale za mnyamata wathu uja anagonekedwa kuchipatala sabata yatha, magazi atachepa m'thupi moti kuimirira kumamukanika. Nditamufunsa kuti kodi matenda akowa dzina lake ndi chani, anangoti "ndi zam'mimba basi". Zaka zonsezi akudwala koma dzina sakulidziwa, ndipo mankhwala anasiya kalekale poti amati wachira.

Abale anga, matenda otupa matumbo okhalitsawa alipo awiri akuluakulu. Pali ulcerative colitis, iyi imagwira thumbo lalikulu lokha kuyambira kotulukira chimbudzi kumakwera, ndiye pali Crohn's imene dokotala Burrill Crohn ndi anzake anailongosola mu 1932, iyi imagwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kumapeto. Chimene chimachitika n'choti chitetezo cha m'thupi mwanu momwemo chimalimbana ndi matumbo anu. Matendawa amagona kenako amadzukanso. Ndiye kutsegula kukasiya, magazi osaonekanso m'chimbudzi, musasiye mankhwala. Mwamva? Musasiye.

Eya mayi, mwati bwanji? Kuti si kamwazi ameneyu? Mwafunsa bwino, ambiri amasokoneza pomwepa. Kamwazi amabwera ndi tizilombo, amapatsirana, ukalandira mankhwala oyenera amatha. Awa sapatsirana ayi, mwana wanu sangatengere chifukwa mukulowa chimbudzi chimodzi, ndiye musamamusale wodwalayo. Koma zizindikiro zimafanana kwambiri mayi, ngakhale TB ya m'matumbo imaoneka ngati Crohn's, n'chifukwa chake adokotala amayeza chimbudzi, amayeza magazi, amalowetsa kakamera kaja ka colonoscopy n'kutapa kanyama kakang'ono kukaunika. Inu amene mumangodzigulira maantibayotiki vuto likabwerera, ndikukuonani pamenepo, lekani chonde.

Ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Dzina la matenda ndi la mankhwala anu lembani pakapepala muziyenda nako. Mankhwala a prednisolone ndi ongozimitsa moto matenda akadzuka, sakhala a miyezi ndi miyezi, komanso sasiyidwa mwadzidzidzi, adokotala amachepetsa pang'onopang'ono. Amene mukumwa azathioprine, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, magazi aziyezedwa pafupipafupi. Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac pewani, amatha kuwadzutsa matendawa. Fodya amakulitsa Crohn's. Mukatha zaka 8 thumbo lalikulu likuvuta funsani za colonoscopy yofufuza khansa. Mukaona magazi ambiri m'chimbudzi, kutentha thupi, mimba kufufuma, kuchipatala tsiku lomwelo. Amene mukumwa mesalazine, mankhwala oletsa kutupa kwa matumbo, ngakhale mukumva bwino chotani, musasiye.