Werengani kabokosi musanalowetse pulagi pakhoma

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa kanthawi tisanalowe nkhani za chama chathu cha maliro. Ambiri mwamva zomwe zinachitika Lachitatu ku Rosettenville. Mnzathu wina abwana ake anamupatsa sitima ya ana, ija yoyenda pa kanjanji ndi magetsi, yonse m'katoni mwake. Mwana atalowetsa pulagi pakhoma, kabokosi kakuda ka magetsi ka sitimayo kanayamba kufuka utsi mpaka kuwaula katani. Mwayi wake mayi anali pomwepo. Lachinayi ndinapitako, n'kukatembenuza kabokosiko. Kunsi kwake kwalembedwa 120V. N'ka ku America. Kuno ku Johannesburg pakhoma pamatuluka 230, chimodzimodzi kumudzi.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi: werengani kabokosi musanalowetse pulagi.

Kabokosi kameneka ndi thiransifoma. Kamatsitsa magetsi a pakhoma kuti pa njanji pafike ochepa, pafupifupi 12 volts pa sitima zambiri zakale monga za makampani a Lima ndi Hornby. Njanjiyo mutha kuigwira ndi dzanja. Choopsa chili pakati pa khoma ndi kabokosi. Chaka chatha ndinapeza bambo wina, sinditchula dzina, atasenda waya kuti alumikize njanji molunjika ku soketi, ati kabokosi kafa. Abambo, chonde, ana amakwawa pansi pomwepo.

Sitima ikakana kuyenda, nthawi zambiri kabokosi kamakhala kabwinobwino. Magetsi amalowa pa njanji imodzi, n'kukwera m'mawilo a injini, kudutsa mu mota, n'kubwerera pa njanji inayo. Njira imeneyi ikaduka paliponse, sitima imaima. Ndipo chimene chimaidula kwambiri ndi litsiro. Mukuidziwa mphepo ya mu Ogasiti, fumbi la m'milu ya kumigodi kulowa mpaka m'mbale. Tionjezere kuti ambirife timaphikira m'chipinda chomwe timagonamo, nthunzi ya mafuta n'kumatera pa njanjipo. Tengani kansalu koyera, kanyowetseni pang'ono ndi mankhwala opukutira zipangizo za magetsi otchedwa isopropyl alcohol, pitani nako pamwamba pa njanji. Muona mizere iwiri yakuda bii. Mawilo a injini nawonso apukuteni. Amayi, waya wokwechera mapoto uja ayi ndithu: tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a mu mota.

(Mayi wina akufunsa: "Nanga achimwene, ka adaputa kaja timagula m'mashopu sikathandiza? Ife foni timatchajira komweko.")

Mwafunsa bwino mayi, khalani pansi ndikuyankheni, chifukwa n'zimene zinachitikanso ku Rosettenville. Adaputa imangosintha kaonekedwe ka mano a pulagi kuti alowe m'soketi yathu ya mabowo atatu ozungulira. Magetsi siiwatsitsa. Akalowa 230, atulukanso 230. Foni yanu siipsa chifukwa pa tchaja palembedwa 100-240V, imalandira onse. Mukafika kunyumba kayang'aneni. Kabokosi ka sitima kakalembedwa 120V kokha, adaputa siikapulumutsa. Pafunika kugula kena ka 230. Za ku England, za mano atatu a makona ngati akumudzi, zimenezo ndi za magetsi ngati athu, adaputa ikwana. Koma werenganibe. Musatengenso tchaja ya foni kuti iyendetse sitima, nthawi zambiri imatulutsa 5 volts basi. Chinthu chinanso, pali mabokosi atsopano olembedwa DCC, amene njanji imakhala ndi magetsi nthawi yonse. Injini yakale mukaisiya pamenepo imalira ng'ii, mota n'kutentha mpaka kupsa. Mwaona? Zonse zikubwerera pomwe paja: werengani kabokosi.

Ndikuona kumbuyoko mwayamba kuyang'ana nthawi, ndithamange. Sitima ikamaima pamalo amodzimodzi, yang'anani tizitsulo tolumikizira njanji, tikakhwepa tifinyeni pang'ono ndi pulayala. Kabokosi kakamazima kokha kapena kutentha, ndi shoti: funani ndalama yachitsulo, msomali kapena pini ya m'mutu yagona pa njanji ziwirizo, kapena bogi yaphonya njanji. Zulani pulagi, kazizire kaye. Osayala njanji pa kapeti, ubweya umakulunga mawilo. Waya wa pakhoma akasendeka osamanga ndi pepala la pulasitiki, kabokosinso osakatsegula. Magetsi akazima zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Kabokosi kakanunkha chopserera, musakayesenso.

Mita yoyezera magetsi ndabwera nayo. Amene mwatenga mabokosi anu, tikatha za chama mundipeze pa tebulo la pakhomo, tiwerengere limodzi.