Nyenyezi za m'makona zikutalika? Yezani mpata wa pakati pa reducer ndi kamera

Moni nonse. Taonani chithunzi chili pa sikirinichi, cha nyenyezi chojambulidwa ndi kamera yomangidwa pa telesikopu. Pakati apa nyenyezi zili bwinobwino, timadontho tozungulira. Tsopano ndikukulitsa kona ya kumanzere. Mwaona? Zatalika ngati timizere. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukonza focus, koma focus ilibe mlandu. Vuto lili pa mtunda wochokera pa focal reducer kukafika pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera. Mtunda umenewu amautcha back focus.

Reducer ndi magalasi ofupikitsa focal length ya telesikopu, muyeso umene umanena mmene telesikopu imakulitsira zinthu. Ya kampani ya Celestron ya f/6.3 mukaimanga pa telesikopu ya mainchesi 8 ya f/10, focal length yake ya mamilimita 2032 imatsika kufika pafupifupi 1280. Mumajambula thambo lotakasuka, kuwala kumasonkhana msanga. Koma magalasiwa anawapanga kuti agwire ntchito pa mtunda umodzi. Ya Celestron imeneyi imafuna pafupifupi mamilimita 105, pomwe zambiri za pa ma refractor, matelesikopu a lenzi kutsogolo, zimafuna 55. Mukaphonya, pakati pamaonekabe bwino, n'chifukwa chake vutoli limabisala.

Kodi 55 ameneyu anachokera kuti? Anachokera ku makamera a DSLR. Pa Canon ya EF, kuchokera pomangira lenzi kufika pa sensa ndi mamilimita 44, ndipo T-ring yake, mphete yolumikiza kamera ndi telesikopu, ndi 11. Pamodzi 55. Wa DSLR amangomanga n'kuyamba kujambula.

Amene timavutika ndife a makamera apadera ojambulira nyenyezi. Iyi ndagwira apayi ndi ya kampani ya ZWO. Sensa yake ili mamilimita 17.5 kuchokera kutsogolo kwa mphete iyi ya pa kamera. M'bokosi mumabwera mphete zina ziwiri, ya 21 ndi ya 16.5. Werengani nane: 17.5, 21, 16.5. Zakwana 55. Mukalowetsapo chosungira fyuluta, mphete imodzi ituluke, makulidwe ake alowe m'malo. Yezani ndi caliper, chida choyezera makulidwe, chilichonse chimene mwamanga pamenepo, ndipo onani m'kabuku ka reducer yanu pamene muyeso umayambira.

Chimene anthu amaiwala ndi galasi la fyuluta. Kuwala kukadutsa m'galasi, focus imasunthira kumbuyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a makulidwe a galasilo. Fyuluta ya mamilimita 3 imafuna muwonjezere milimita imodzi, 55 akhale 56. Ineyo ndinataya usiku wathunthu wopanda mitambo chifukwa cha milimita imodzi imeneyi, ndipo mpaka pano imandipweteka.

Masamu akatha, woweruza ndi thambo. Lozani malo odzaza nyenyezi, konzani focus pakati, jambulani masekondi ochepa, kenako kulitsani makona onse anayi. Nyenyezi zikatalika moloza pakati pa chithunzi, kawirikawiri kamera yayandikira kwambiri, onjezerani mpata. Zikapindika ngati zikuzungulira pakatipo, kamera yatalikira, chepetsani. Sinthani pang'onopang'ono ndi timphete topyapyala iti, ta theka la milimita kapena milimita imodzi. Mukangosintha, konzaninso focus musanaweruze, apo ayi mudzinamiza. Ndimalembanso muyeso uliwonse m'kope pamodzi ndi dzina la chithunzi chake, chifukwa pofika ulendo wachinayi mutu umakhala utasokoneza zonse.

Kona imodzi kapena mbali imodzi yokha ikaipa, zina zili bwino, mpata musaukhudze. Pamenepo kamera yapendekeka, ndiye onani ngati pali chimene chakhwefuka kapena chikulendewera chifukwa cha kulemera.

Tiyeni tibwerere ku chithunzi chija. Ichi ndi cha pa 55, fyuluta ili m'kati. Ichi ndi cha pa 56, telesikopu yomweyo, kona yomweyo ya kumanzere. Timizere tija tasanduka timadontho.